Foni Yachisanu

1

Amuna anga sagula chinthu asanayeze. Ntchito yawo ndi yojambula mapulani a nyumba, ndipo tepi yoyezera sichoka m'thumba mwawo ngakhale tikupita kokacheza. Ine ndine telala, nanenso tepi imakhala m'khosi tsiku lonse, moti anthu amatiseka kuti lathu ndi banja la matepi awiri.

Loweruka lina m'mawa ndinawaona pawindo la chipinda chosokera ali chowerama pabwalo, akukoka tepi kuchokera pawindo la pabalaza mpaka kumpanda. Kenako ndinamva geti likulira, iwo n'kutuluka nayo tepi ija kumsewu. Ndinkapinda siketi ya kasitomala, choncho sindinalabadire. Atabwerako analemba kanthu m'kabuku kawo, n'kudzaima pakhomo panga.

"Amayi, tigule rauta ina."

"Yatani iyi?"

"Yakalamba. Kugalaja netiweki ikumangosuzumira ngati mlendo wamanyazi, n'kubwerera. Dzulo pulani imodzi yanditengera ola lathunthu kuti ipite."

N'kuti patatha miyezi iwiri chisamutsireni tebulo lawo kugalaja, atayamba kugwirira ntchito pakhomo. Rauta yathu, kabokosi koyera kamene kamamwaza intaneti m'nyumba, inkakhala pashelefu kuseri kwa TV. Inali ndi tinyanga tiwiri, kamodzi kothyoka kamene ndinachita kukamanga ndi ulusi wakuda. Kunena zoona, inali itatopadi.

"Ndiye bwererani patebulo la pabalaza," ndinatero.

"Kuti ndizijambula nyumba za anthu TV ili m'khutu? Ayi. Ndiponso akuti za masiku ano zili ndi chitetezo chabwino. Tipita Lolemba."

Singano inandibaya chala. Ndinachiyamwa n'kunena kuti chabwino. Atachoka ndinazimitsa makina, chifukwa ndikanaononga siketi ya mwiniwake. Mukhoza kuseka, mayi wamkulu ngati ine kuda nkhawa chifukwa cha kabokosi kapulasitiki. Koma m'kabokosi kameneko munali mwana wanga.

2

Tili ndi mwana mmodzi yekha, wamkazi. Dzina lake lenileni sindilemba m'magazini muno. Kunyumba timamutchula Kabatani, chifukwa ali wamng'ono ankakwawa pansi pa makina anga n'kumatola mabatani. Tsiku lina anameza limodzi, ndipo ine ndi bambo ake tinalidikira masiku awiri.

Rauta ija anaiika ndi iyeyo ali kukoleji. Pafoni panga anaikapo kapulogalamu koonetsa mndandanda wa zipangizo zolumikizidwa, n'kuzipatsa mayina kuti ndisamasokonezeke: Amayi, Abambo, Laputopu ya Abambo, TV, Kabatani. Pasiwedi analemba yekha m'zipangizo zonse. Nditamufunsa kuti ndi chiyani, anaseka.

"Mukaidziwa muuza makasitomala anu onse, Amayi. Ndimakudziwani."

Pamene bambo ake ankakoka tepi pabwalo paja, n'kuti patatha pafupifupi chaka Kabatani atachoka pakhomo. Anathetsa ukwati wake kutatsala masiku asanu ndi anayi. Diresi ndinali nditasoka kale ndi manja angawa. Linali litavekedwa pachidole choonetsera zovala cha m'chipinda chosokera, ndipo kasitomala aliyense ankaligwira n'kuyamikira. Mwana anachoka ndi chikwama chimodzi, komanso ndi mawu akuti bambo ake safunanso kumuona. Nambala anasintha. Anzake ankati sakudziwa kumene ali, kaya ankanena zoona kaya ankandibisira.

Miyezi isanu kunali zii. Kenako Lachiwiri lina masana, kanema wa masitayelo amene ndinkaonera atayamba kudukaduka, ndinatsegula kapulogalamu kaja. Pansi pa mndandanda panali dzina lachisanu, kadontho kobiriwira kakuyaka pambali pake. Kabatani.

Ndinathamangira kuchipinda chake poganiza kuti walowa ine osamva. Munalibe munthu. Ndiye ndinakumbukira kuti mpanda wakumbali, woyang'ana kumsewu, uli ndi njerwa zamabowo chakumwamba. Ndinazondotsa ndowa, n'kukwerapo, n'kusuzumira. Anali atakhala pasimenti ya kalavati, kamlatho ka ngalande ya m'mbali mwa msewu, msana atatsamira mpanda wathu, foni ili m'manja. Anali ataonda, tsitsi atameta lalifupi. Nsapato zake ndinazizindikira, tinakagula limodzi. Pakati pa ine ndi iye panali njerwa imodzi yokha.

Anakhala mphindi makumi awiri, n'kudzuka kukakwera basi pashedi ya kutsidya kwa msewu. Lachisanu anabweranso. Kuyambira pamenepo, Lachiwiri ndi Lachisanu lililonse wani koloko ikakwana, kadontho kaja kankayaka. Pakalavati paja ndi malo okhawo amene netiweki yathu inkadumpha mpanda, ndipo foni yake inali ikukumbukirabe pasiwedi ya kwawo.

Mufunsa kuti bwanji sindinatsegule geti. Ndinafikapo katatu, dzanja lili pachitsulo chotsekera, n'kubwerera. Mufunsanso kuti bwanji sindinauze bambo ake. Ndikuuzani, koma mundilole ndiyambe ndafotokoza za kusitolo. Pakali pano dziwani izi zokha: kadontho kaja n'kamene kankandiuza kuti mwana wanga ali moyo, ndipo rauta yatsopano inkabwera kudzakazimitsa.

3

Sitoloyo inali pansi pa nyumba yosanja, pakati pa sitolo ya mankhwala ndi malo okonzera nsapato. Mkati munali mawaya okhaokha, ena olendewera kudenga, ena opombana pansi. Mwini wake anali bambo wadazi, wa magalasi awiri, ena pamphuno ena pamutu, wolankhula ngati wailesi. Mumtima ndinamupatsa dzina loti a Mawaya.

Anatiyalira marauta atatu pakauntala.

"Iyi ndi ya anthu a chipinda chimodzi, musataye nayo nthawi. Iyi ndi ya timabokosi tiwiri togawana ntchito, kena pabalaza kena kuchipinda. Koma iyi," anasisita yakuda ya tinyanga tinayi, yooneka ngati kangaude wogona chagada, "iyi ndiye bwana wawo."

"Ingafike mamita 42?" anafunsa amuna anga akuyang'ana m'kabuku. "Pakati pali windo limodzi ndi mpanda wanjerwa."

A Mawaya anatsitsa magalasi. "Galaja yanuyo ili kwa aneba, bwana?"

"Ndimakonda kusiya malo otsala."

Ine amene ndimadyera tepi ndikanayenera kudabwa. Galaja yathu ili masitepe khumi ndi awiri kuchokera pabalaza, ndipo pakati palibe mpanda uliwonse. Koma mutu wanga unali kwina. Ndinkafunafuna chilema pa rauta iliyonse. Iyi ndi yonyansa, iyi iziunjika fumbi, iyi tinyanga take tigwetsa chithunzi cha pashelefu. A Mawaya ankangoseka.

"Mayi, za kukongola tikusiyirani inu a nsalu. Apa nkhani ndi loko. Yanu yakaleyo ndi chitseko chongokankha. Aliyense amene anamvapo pasiwedi yanu zaka zisanu zapitazo akulowabe mpaka lero. Mudzadabwa tsiku lina kupeza munthu wakhala kuseri kwa mpanda akudya intaneti yanu."

Ine ndinayang'ana pansi. Amuna anga anatsokomola, n'kuyamba kuwerenga zolembedwa pakatoni.

"Koma iyi imalola zipangizo zokhazo zimene mwaiuza," anapitiriza a Mawaya. "Chachilendo chikagogoda, imachikaniza. Muli nazo zingati kunyumba?"

"Zisanu," anatero amuna anga.

Ndinaganiza kuti lilime lawaterereka, kuti chizolowezi cha zaka zambiri chawerengera ndi mwana yemwe. Ndinaopa kuti a Mawaya afunsa kuti chachisanu n'cha ndani, dzina lija n'kutuluka pakati pa sitolo.

"Zinayi," ndinatero msangamsanga. "Mafoni awiri, laputopu ndi TV. Zinayi."

Amuna anga anatembenuka. Sanakwiye. Anangondiyang'ana nthawi yaitali, ngati mmene amayang'anira khoma lokhota. Kenako anatseka kabuku kaja.

"Mwawamva mayiwo. Zinayi."

A Mawaya anati abwera okha kudzaiika mawa lake m'mawa. Mawa lakelo linali Lachiwiri. Ndinayesa kunena kuti ndili ndi makasitomala, abwere Lachitatu. Anati Lachitatu akukaika makamera kwina, ndipo sabata yonse yadzaza. Tinatuluka katoni ili kukhwapa kwa amuna anga, ine ndikutsatira pambuyo ngati mbuzi yopita kumsika.

4

Ndinali ndi nzeru imodzi yokha, ndipo ndinkaiona ngati yakuya kwambiri. Rauta yakale ndiitenga, ndiibisa kuseri kwa nsalu m'chipinda chosokera, ndiziilumikiza kumagetsi Lachiwiri ndi Lachisanu. Kaya intaneti idzakhalamo kaya ayi, bola dzina la netiweki lizioneka pafoni ya mwana, kadontho n'kumayaka.

A Mawaya analonjeza naini koloko, anafika leveni itapitirira. Anayamba ndi kumwa tiyi, n'kutisimbira za kasitomala wina amene anaika rauta m'kabati yachitsulo n'kumadandaula kuti siikugwira. Ine maso anali pawotchi. Amuna anga anaumirira kuti yatsopanoyo ikhale pamwamba, pafupi ndi windo, tinyanga titayang'ana kumsewu. A Mawaya anati bwana amadziwa zinthu.

Atamaliza za mawaya anakhala pampando, laputopu ili pamiyendo.

"Tsopano dzina ndi pasiwedi. Ena amakonda kusiya zakale kuti zipangizo zingolumikizika zokha. Ine sindilimbikitsa zimenezo, koma nyumba ndi yanu. Tisunge zakale, kapena tiike zatsopano?"

Ndinkangofunika kunena mawu atatu: siyani zakale zomwezo. Koma pasiwedi sindinkaidziwa. Ndikanati tisunge, akanafunsa kuti ndi chiyani. Ndikanayankha kuti amaidziwa ndi mwana, ndipo bambo ake akanafuna kudziwa chimene ndikuumirira. Ndinayang'ana amuna anga. Iwo ankayang'ana ine. Ndinaona ngati akufuna kulankhula, ine n'kuweramitsa maso.

"Anena ndi mayiwa," anatero amuna anga.

"Abambowa ndi amene amadziwa zimenezi," ndinatero.

"Ndiye mwandisiyira ine," anaseka a Mawaya. Analemba dzina latsopano, n'kupanga pasiwedi yaitali ya zilembo ndi manambala osokonekera, yoti ngakhale mwini wake sangailoweze. Analumikiza zipangizo zinayi chimodzichimodzi, kenako n'kukhoma loko uja wokaniza zachilendo.

Ndinatambasula dzanja kuti nditenge rauta yakale.

"Dikirani kaye, mayi. Iyi musaitaye kapena kupatsa munthu ili ndi zinsinsi zanu. Tiifufute. Tandibwerekani kaphini."

Ndine telala. Maphini amakhala pachifuwa pa bulauzi yanga kuyambira m'mawa. Dzanja linazula kamodzi n'kupereka mutu usanaganize, monga limachitira kambirimbiri patsiku. A Mawaya anakalowetsa pakabowo kakuseri n'kudina. Timagetsi tonse tinaphethira pamodzi, n'kuzima, n'kuyakanso.

"Basi. Yaiwala zonse, ili ngati yangobadwa kumene."

Anandibwezera kaphini kanga n'kunena zikomo. Kunali kutatsala mphindi makumi awiri kuti wani koloko ikwane.

5

Amuna anga anaperekeza a Mawaya mpaka pageti, kenako analowa kugalaja ndi laputopu yawo n'kutseka chitseko. Ine ndinasowa mtengo wogwira. Ndinalowa m'chipinda chosokera, n'kutuluka, n'kulowanso. Mapeto ake ndinapezeka ndili pandowa paja, diso lili pabowo.

Anafika nthawi yake, atavala juzi yotuwa yomukulira. Anakhala pakalavati, n'kutulutsa foni osaiyang'ana n'komwe, monga munthu wozolowera. Patapita kanthawi anaiyang'ana. Anapukuta galasi lake pasiketi. Anaizimitsa n'kuiyatsanso. Kenako anaimirira n'kuyamba kuyenda pang'onopang'ono motsatira mpanda, foni ataikweza m'mwamba, mpaka pakona, n'kubwereranso.

Ndikudziwa chimene ankaona. Dzina lakale linali litasowa. M'malo mwake munali dzina lachilendo, mizere yonse yodzaza, kaloko kali pambali. Analemba kanthu n'kudikira. Analembanso kachiwiri, n'kudikira.

Ndiye anatembenuka n'kuyang'ana mpanda wathu. Sanalire. Anangogwedeza mutu pang'ono, ngati munthu amene walandira yankho limene ankaliyembekezera kale. Anaika chikhatho chake panjerwa, pansi penipeni pa bowo langa, n'kuchichotsa.

Ndinatsegula pakamwa. Dzina lake linali palilime, koma mawu sanatuluke. Paja amati fisi akagwa m'mbuna salankhula. Pamene ndinkatsika pandowa n'kuti basi ikulira kale pashedi. Ndinathamanga kuzungulira nyumba, patapata imodzi n'kutsalira pakapinga. Chitsulo cha geti chinasankha tsiku limenelo kuti chiume. Nditatulukira kumsewu, basi inali ikukhota pakona.

Pakati pa msewu panali munthu wina, nayenso ali wefuwefu, dzanja lili m'mwamba. Anali amuna anga. Anatulukira kachitseko ka kugalaja, osavala nsapato, pensulo ili kukhutu.

Tinayang'anana.

"Mumadziwa?" ndinafunsa.

"Miyezi iwiri tsopano. Chiyambireni kugwirira ntchito pakhomo. Ndimaona palaputopu." Analoza shedi ya basi. "Mamita 42. Mvula yayandikira, Amayi. Ndimafuna azikhala pouma, osati pakalavati. Kugalaja ndikanangokoka waya."

"Nanga bwanji simunanene?"

"Ndinanena. Ndinati zisanu. Inu munati zinayi." Anapukuta thukuta ndi mkono. "Ndinati mayi ake amuchotsa kale pachiwerengero, ndisawaputenso. Ndinati ndidikire wa rauta uja apite, ndibwezeretse zakale mwakachetechete. N'zimene ndimalimbana nazo m'galajamo, koma loko uja wandisokoneza. Ndachedwa pang'ono chabe."

"Miyezi iwiri yonseyi, osamutulukira?"

Anandiyang'ana modabwa.

"Munandiuza nokha kuti anati safuna kuonanso nkhope yanga. Ndimaopa kuti ndikatuluka athawa, osadzabweranso."

6

Apa ndiye tafika pamene ndakhala ndikupazungulira chiyambireni nkhaniyi.

Tsiku limene Kabatani anathetsa ukwati, bambo ake anali kutali, kokayendera nyumba ina imene inkamangidwa. Unali m'mawa, ine ndikumata timikanda tomaliza pa diresi. Mwana analowa, n'kutseka chitseko, n'kupinda dzanja la bulauzi yake. Pamkono panali madontho akuda anayi, malo a zala.

"Amayi, munthu uja ndimamuopa. Aka n'kachitatu. Sindikwatiwa naye."

Mukudziwa chimene ndinayankha, ine mayi wake womubereka? Ndinayang'ana diresi. Ndinaganiza za makadi amene tinagawa, za makasitomala amene anandiyamikira, za azimayi a pamzere wathu amene akanaseka mpaka kugwira nthiti. Ndiye ndinati:

"Ndikusokera manja aatali."

Anandiyang'ana ngati sakundidziwa. Anati aimbira bambo ake. Ndinadziwa kuti bambo ake akamva za mkono, ukwati wathera pomwepo, chifukwa mwanayo ndi diso lawo.

"Dikira," ndinatero. "Nkhani ngati iyi ndiwauze ndine."

Ndinatuluka, n'kukaima kuseri kwa nyumba foni ili kukhutu. Sindinaimbire munthu aliyense. Ndinangoima pamenepo mphindi zisanu ndikuyang'ana zovala zoyanika, kenako n'kubwerera.

"Akuti ukathetsa ukwatiwu si iwenso mwana wawo. Akuti asadzakupeze pano."

Ndinkaganiza kuti achita mantha, alira, n'kuvala diresi. Ndinaiwala kuti liuma anatengera kwa ine. Anatsitsa dzanja la bulauzi, n'kupita kukalongedza. Ngakhale pamene ankatsegula geti ndinkati abwera madzulo njala ikamugwira.

Bambo ake atabwerako ndinawauza kuti mwana wathawa, wati tonse awiri tinkamukakamiza ukwati ndipo safuna kuonanso nkhope zathu. Za mkono sindinatchule. Anaimba nambala yake mwezi wathunthu ili yozima. Anasiya kuseka, anayamba kuiwala pensulo m'bafa, ine ndikuona zonsezo koma pakamwa pali gwa.

Choncho bodza lina linali kunja kwa mpanda, lina mkati, ine ndili pakati kugwira geti kuti asakumane. Ndikanatsegula, mwana akanafunsa bambo ake chifukwa chimene anamukanira, ndipo onse awiri akanatembenukira kwa ine. Ndinkamufuna mwana wanga, Mulungu akudziwa. Koma ndinkaopa maso a awiriwo kuposa mmene ndinkamufunira, ndipo chimenecho n'chimene chimandichititsa manyazi kwambiri.

Ndinawauza amuna anga zonsezi pamsewu pomwepo, dzuwa likuswa mtengo, phazi limodzi lilibe patapata. Ndinkayembekezera kuti akalipa mpaka aneba atuluke. Ndikanakondwa akanatero. Iwo anangoyenda mpaka pakalavati, n'kukhala pamalo a mwana paja, manja ali kumutu.

"Zala zinayi," anatero. "Ine ndinamujambulira nyumba munthu ameneyo. Zipinda zitatu, ndi khonde."

7

Madzulo omwewo anabwezeretsa dzina lakale la netiweki, n'kuchotsa loko uja. Pasiwedi yakale anaipeza m'laputopu mmene inasungidwa. Anandiitana, n'kutembenuza laputopuyo kuti ndione ndekha. Zaka zonsezi foni yanga inkatchula mawu amenewa tsiku lililonse ine osadziwa. Panalembedwa kuti: tilipoatatu.

Anandiuzanso china. Miyezi iwiri yonse imene ankayang'ana, foni ya Kabatani sinkatsegula chilichonse, kaya kanema kaya uthenga. Inkangolumikizika basi. Mwanayo sankabwerera intaneti. Kapulogalamu kaja anandiikira yekha, ndipo ankadziwa kuti ndikuona. Ankagogoda, kawiri pasabata, miyezi isanu ndi umodzi, ndipo yankho limene analandira linali loko watsopano.

Papita miyezi isanu ndi iwiri tsopano. Rautayo ndi yabwino, a Mawaya sananame. Imafika kugalaja, imafika pashedi, imafikanso pagolosale ya pakona. Amuna anga ayenda njira yonse ya basi ija ndi chithunzi m'manja, kufunsa madalaivala ndi ogulitsa m'misewu. Wina amati anamuonapo, wina amati amafanana ndi wina wake. Lachiwiri ndi Lachisanu lililonse amakakhala pashedi ndi kabuku kawo, kaya kuli mvula kaya dzuwa. Geti sititsekanso masana.

Ine sanandithamangitse. Amandilankhula za mchere, za magetsi ndi za bomba lodontha, basi. Diresi lija ndinalichotsa pachidole n'kulisomola msoko ndi msoko, koma nsalu yake ndikulephera kuitaya. Wani koloko ikakwana ndimazimitsa makina n'kutsegula mndandanda. Amayi, Abambo, Laputopu ya Abambo, TV. Zinayi, monga ndinanenera ndekha.

Inu owerenga, malangizo a a Mawaya ndi abwino, atsatireni. Sinthani pasiwedi, khomani loko, akuba alipodi. Koma musanakhome, khalani pansi mufunsane mokweza mawu kuti kunja kwatsala ndani. Ife tinali awiri pabalaza limodzi, tikufuna chinthu chimodzi, aliyense akuopa mnzake, ndipo tinasiyira mlendo kuti atisankhire. Amuna anga anakhala chete chifukwa cha chifundo. Ine ndinakhala chete chifukwa cha bodza. Sindikupempha kuti mundimvere chisoni, madzi akatayika saoleka. Ndikungopempha kuti ngati mukudziwa mtsikana wa tsitsi lalifupi amene satchula za kwawo, amene amadziwa kumata batani bwino kuposa anzake onse, mumuonetse tsamba lino.

Kabatani, mwana wanga, ngati magaziniyi yakupeza, mvera. Bambo ako sanakukane. Tsiku lija sindinawaimbire n'komwe, mawu aja anali anga. Loko uja sanakhomere iwe, ndipo kaphini kanachokera pachifuwa panga. Ngati sungathe kundikhululukira, usadzikakamize. Koma pashedi paja pamakhala bambo wa imvi amene anayeza msewu wonse kuti usamanyowe. Dzina ndi lomwe lija, pasiwedi ndi yomwe ija. Sukufunika kutsika, sukufunika kulankhula. Ungodutsa pa basi foni ili yoyaka. Rautayi imafika patali.